Mabotolo a 1982 aja asiyeni kaye

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mwasungako kandalama ndipo mukufuna kuyamba kugula vinyo wofiira wakalekale woti mudzagulitse patsogolo. Mwatinso wina pa intaneti akukutsatsani mabotolo awiri a Château Lafite, vinyo wotchuka wa ku France, a 1982 motchipa, ndipo mukuganiza zowasunga m'kabati kunyumba. Ine ndikuti mabotolo amenewo musawagule. Maganizo olowa m'malonda a vinyo si oipa ayi, koma polowera pake si pamenepo.

Vinyo wambiri amapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka zochepa, ndipo mukamusunga zaka 20 amangosanduka madzi owawasa. Amene amakomerakomera akamakalamba ndi amene ali ndi khambi lambiri lochokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, chifukwa khambilo limamuteteza kenako n'kumazilala pang'onopang'ono. Mwa vinyo wotereyu, amene anthu amalimbirana ndi wochepa zedi. Ku Bordeaux, m'dziko la France, anthu amatsatirabe mndandanda wa minda yotulutsa vinyo wapamwamba womwe unalembedwa mu 1855, nthawi ya mfumu Napoleon III. Pamwamba pake panali Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion, ndipo Mouton Rothschild anakwezedwa kulowa m'gululi mu 1973. Petrus wa ku Pomerol, dera lina la ku Bordeaux komweko, sali pamndandandawo koma amadula kuposa onsewa. Ndiye pali vinyo wa ku Burgundy, dera lina la ku France, Barolo ndi Sassicaia a ku Italy, Vega Sicilia wa ku Spain, Penfolds Grange wa ku Australia. Chaka chokolola nachonso chili ndi mawu: ku Bordeaux 1982, 2000, 2005, 2009, 2010 ndi 2016 ndi zaka zotamandidwa.

Ndiye mwina mukuti: Lafite ndi dzina lalikulu, 1982 ndi chaka chabwino, vuto lili pati? Vuto ndi lomwelo. Dzina ndi chaka zotere n'zimene atambwali amathamangira. Mabotolo opanda kanthu a vinyo wotchuka amagulidwa dala, n'kuthiramo vinyo wamba, n'kutsekanso bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndipo musaganize kuti opusitsidwa ndi ongoyamba kumene okha. Rudy Kurniawan anagulitsa vinyo wachinyengo kwa anthu olemera a ku America kwa zaka zingapo, ena mwa iwo odzitama kuti lilime lawo siliphonya. Mu 2008 pa okushoni ina ku New York panaikidwa mabotolo ake a Clos Saint-Denis a kwa Domaine Ponsot olembedwa zaka za pakati pa 1945 ndi 1971. Laurent Ponsot, wa m'banja lopanga vinyoyo, anapita yekha kukaletsa malondawo, pakuti banja lawo linayamba kupanga vinyo ameneyu mu 1982. Mabotolowo anali a vinyo amene sanakhalepo n'komwe! Kurniawan anagwidwa mu 2012, m'nyumba mwake ku California munapezeka mabotolo, zitsekero ndi mapepala omata pamabotolo, ndipo mu 2014 analamulidwa kukhala kundende zaka 10.

Taonani mbali inayo. Mu Okutobala 2018, pa okushoni ya kampani ya Sotheby's ku New York, botolo limodzi la Romanée-Conti, vinyo wa ku Burgundy, la 1945 linagulidwa madola 558,000. Inde, chaka chimenecho anapanga mabotolo 600 okha, koma chinanso chimene chinalimbitsa mtima ogula n'chakuti botololo linachokera mosungira vinyo mwa Robert Drouhin, wopanga vinyo wodziwika wa ku Burgundy komweko, ndipo njira yomwe linadutsa inali yodziwika. Pamalonda awa chimene munthu amalipira ndi mbiri ya botolo: linachoka kuti, linagona kuti, kwa zaka zingati, ndipo umboni wake uli papepala liti. Lafite wanu wa pa intanetiyo, ngakhale atakhala weniweni, wadutsa zaka zoposa 40 zomwe palibe angazifotokoze. Tsiku lodzagulitsa, ogula adzakufunsani funso lomwe inu simunamufunse wotsatsayo.

Za kabati zija, ndilankhule monga munthu amene zinamuonekera. Nditangoyamba ndinagula mabotolo 6 abwino ndithu n'kuwaika pamwamba pa filiji kukhitchini, poti amaoneka bwino pamenepo. Itadutsa nyengo yotentha kawiri, awiri anali atayamba kudontha pachitsekero, ndipo lomwe ndinatsegula linkanunkha ngati zipatso zophika. Vinyo amafuna malo ozizira, cha m'ma madigiri 12 kapena 13, osasinthasintha. Amafuna mdima, chinyezi cha pafupifupi 70 peresenti, malo osagwedezeka, ndipo botolo ligone chammbali kuti chitsekero chisaume. Filiji yapadera ya vinyo ndi yokwanira kwa amene mudzamwe nokha. Koma woti mudzagulitse, ngakhale mutamusamala chotani kunyumba, wogula alibe njira yotsimikizira zimenezo, ndiye amatsitsa mtengo.

N'chifukwa chake odziwa malondawa vinyo wawo samuona n'komwe. Amagula bokosi lathunthu la matabwa, la mabotolo 12 kapena 6, losatsegulidwa, n'kulisiya m'nyumba zosungiramo katundu zovomerezeka ndi boma. Ku Britain zilipo zambiri, ndipo vinyo akakhala m'menemo salipiridwa msonkho mpaka tsiku lotulutsidwa. Bokosi limatha kusintha eni kangapo lili pamalo amodzimodzi. Chofunika n'choti likhale lolembedwa m'dzina lanu, osati m'dzina la kampani yokugulitsaniyo, chifukwa kampani ikagwa katundu wosalembedwa bwino amasokonekera. Inshuwalansi nayo ikhale ya mtengo wa lero, osati womwe munagulira.

Tsopano za phindu, poti n'kumene mtima wanu uli. Vinyo sabereka chiwongoladzanja. Chaka chilichonse mumalipira malo osungira ndi inshuwalansi, pogulitsa amalonda amadulapo gawo lawo, ndipo pa okushoni wogula amalipira ndalama yoonjezera yoposa 20 peresenti, zomwe zimamuchititsa kutchula mtengo wotsikirapo. Ndiye mtengo ukakwera pang'ono, inu simunapate kanthu. Komanso mitengo imagwa. Hong Kong itachotsa msonkho wa vinyo mu 2008, ogula a ku China anakhamukira ku Bordeaux ndipo mitengo inakwera mpaka pakati pa 2011, kenako inatsika kwa zaka zingapo. Ambiri amene anagula vinyo wa 2010 atangotuluka anakhala nthawi yaitali katundu wawo ali pansi pa mtengo womwe anagulira, chonsecho vinyoyo ndi wabwino kwambiri. Mitengo inakweranso mpaka 2022 n'kuyambanso kutsika. Msika wa vinyo wa Liv-ex wa ku London umasonyeza mmene mitengoyi ikuyendera, ndipo ndingakonde mutaupenyerera miyezi ingapo musanatulutse ndalama.

Mudzamvanso za en primeur, kugula vinyo wa ku Bordeaux akadali m'migolo n'kudzamulandira patapita zaka ziwiri. Ubwino wake n'ngwakuti mbiri ya botolo imayambira pa inu. Koma si nthawi zonse pamene kumakhala kotchipa. Zaka zina mumapeza vinyo wakale wa munda womwewo, wokhwima kale, pamtengo wotsikirapo. Yerekezani kaye. Latour anasiya kugulitsa mwa njira imeneyi mu 2012.

Ndikanakhala inu, ndikanatenga ndalama yokhayo yomwe sindidzaifuna kwa zaka 10, n'kugula mabokosi awiri kapena atatu kwa amalonda okhazikika amene akhala pantchitoyi nthawi yaitali, osati onse a dera limodzi. Woimba foni yekha n'kumakulonjezani phindu lotsimikizika chaka ndi chaka ndikanamudulira foni. Ndipo ndikanasankha vinyo amene ndingakondwere kumwa ndi anzanga ngati msika utandikana, zomwe ine zandichitikirapo ndipo sindinadandaule kwambiri.

Ngati mtima ukukanabe kuwasiya mabotolo awiri aja, mufunseni wotsatsayo lisiti la komwe anagula, umboni wa komwe akhala akusungidwa, ndi zithunzi zoonetsa chitsekero komanso pomwe vinyo walekezera m'khosi mwa botolo. Mumuuzenso kuti mukufuna katswiri wosankhidwa ndi inu awaone musanalipire. Zimene ayankhe mudzatiuze muno.