Kodi 1,000,001 ndi prime? Yankho kwa aphunzitsi a ku Area 25

Aphunzitsi ena a masamu a ku Area 25 atilembera pa imelo kuti ophunzira awo akukangana. Ena akuti 1,000,001 ndi prime (nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndendende ndi 1 ndi iyo yomwe basi) poti ayesa kuigawa ndi 2, 3, 5, 7 ndi 11 koma yakana. Afunsa ngati anawo alondola.

Zikomo aphunzitsi. Anawo anayamba bwino, koma anaima msanga. Nambalayi si prime, chifukwa 101 × 9,901 = 1,000,001.

Mpake kuti inawanamiza. Imathera ndi 1, choncho 2 ndi 5 sizingalowe. Mukaphatikiza manambala ake mupeza 2, ndiye 3 nayo yagwa. Pa 7, 11 ndi 13 pamatsala 2 nthawi zonse, chifukwa 999,999 ndi 999 × 1,001, ndipo 1,001 ndi 7 × 11 × 13. Mwana akaona kuti yakana kasanu, amaganiza kuti ikana mpaka kale.

Cholakwika chili pamenepo. Kuti munene kuti nambala ndi prime, muyenera kuyesa ma prime onse mpaka kufika pa square root yake, kutanthauza nambala yomwe mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsani nambala yanuyo. Apa malire ndi 1,000, ndipo m'munsi mwa 1,000 muli ma prime 168. Oyamba 25, kuyambira 2 mpaka 97, onse amasiya chotsala. Wa nambala 26, yemwe ndi 101, ndiye amalowa ndendende.

Koma ine ndingakonde kuti anawo aone njira yosatopetsa, chifukwa ndi imene imaphunzitsa kuganiza. Lembani 1,000,000 ngati 100³. Nambala yathu yasanduka 100³ + 1³, ndipo a³ + b³ nthawi zonse ndi (a + b)(a² − ab + b²). Ikani 100 ndi 1. Mbali yoyamba ikupatsani 101, yachiwiri ndi 10,000 − 100 + 1, yomwe ndi 9,901. Ambiri amasokoneza chizindikiro chapakati n'kupeza 10,101, choncho auzeni azichulukitsanso kuti atsimikize.

Nanga 9,901 ingaswekenso? Ayi, ndipo simufunikanso kugwira cholembera. Square root yake siifika 100, ndipo ma prime onse mpaka 97 tawayesa kale. Mmodzi akanalowa mu 9,901, akanalowanso mu 1,000,001.

Zogawa 1,000,001 zilipo zinayi zokha: 1, 101, 9,901 ndi iyo yomwe. Poti yapangidwa ndi ma prime awiri, imatchedwa semiprime. Zitatu zoyambazo mukaziphatikiza zikwana 10,003, kuchepera kwambiri nambalayo, choncho ili m'gulu la deficient, manambala omwe zowagawa zina zonse mukaziphatikiza sizifika pa nambala yeniyeniyo. Banki m'khonde itakhala ndi K1,000,001, mamembala 20 kapena 30 sangagawane mofanana popanda matambala, pokhapokha atakhala 101, aliyense K9,901.

1,000,001 si square (nambala yopezeka pochulukitsa nambala yathunthu ndi iyo yomwe), chifukwa ili pakati pa 1,000² ndi 1,001², yomwe ndi 1,002,001. Imawerengeka chimodzimodzi kuchokera kumanja ndi kumanzere, koma zimenezo sizikhudza kagawikidwe kake.

Ngati anawo akufuna prime yoyamba kupitirira miliyoni, ndi 1,000,003. Agaweni m'magulu, gulu lililonse litenge ena mwa ma prime 168 aja, atsimikize okha.