Bambo wandevu ndi kasitima kake: yankho kwa achimwene a ku Nchalo

Imelo ina yomwe yabwera sabata ino yandiyabwa moti ndasiya kaye zomwe ndimafuna kulemba. Achimwene ena a ku Nchalo aona pa Facebook munthu wa ku Joni akugulitsa kamutu ka kasitima kakang'ono koyendera magetsi ka Märklin, kampani ya ku Germany, kakale koma kooneka bwino, alamu awo atha kuwanyamulira pobwera ku Khrisimasi, ndiye akufunsa ngati agule. Mpaka apa palibe vuto. Koma kumapeto awonjezera kuti mayi akunyumba akuwaseka, akuti bambo wandevu zake angamagule zidole ngati mwana wa ku nazale, ndiye mwina angozitaya.

Achimwene, mawu akuti zidolewo ine ndawamva mpaka makutu kuwawa. Abale anenapo, anzanga akutchalitchi anenapo, ngakhale mnyamata wina amene anabwera kudzandikonzera fani anaima pakhomo la chipinda kukamwa yasa, kenako nkundifunsa kuti ana ake ali kuti. Koma tiyeni tinene chilungamo. Bambo amene amalipira TV mwezi ndi mwezi kuti aziona Arsenal ikumukweza BP palibe amamutcha mwana. Amene amakhala pabawo kuyambira m'mawa mpaka ng'ombe kubwerera kukhola timati madala akupumitsa mutu. Woweta nkhunda zomwe sadya nkomwe timamuyamikira. Ndiye munthu wakhala pakhomo pake, sanamwe, sanabetche, akupukuta timawilo ndi kansalu, ameneyo ndiye wachibwana? Ine ndimakana kwamtuwagalu.

Komanso kwa ife akuchigwa nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe anthu akumtunda sangaimvetse msanga. Njanji ya dziko lino inayambira kwathu kuno. Shire Highlands Railway inachokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera pa Chiromo nkukwera mapiri mpaka sitima yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908. Atatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi mu 1935, wautali kupitirira makilomita 3, sitima imachoka ku Beira nkudzalowa pa Marka osatsitsa katundu pamtsinje. Ine ndakulira ku Bangula, ndipo tikangomva huta tonse timathamangira ku siteshoni, azimayi ndi madengu a nsomba zouma, ena akutsitsa nthochi za ku Thekerani kudzera pawindo, phokoso lokhalokha. Timagunditsa khutu panjanji kuti timve ngati ikubwera, timaikapo zitsekerero za mabotolo kuti iziphwatalalitse, akatipeza alonda kunali kuthawa kwa mtima bii. Anzanga amapanga magalimoto amawaya, ine ndimalumikiza zitini za sadini ndi waya nkumazikoka pamizere iwiri yomwe ndajambula pamchenga, amayi akukalipa kuti ndidzicheka.

Kenako zonse zinayamba kutha tikuona. Njira ya ku Beira inafa ndi nkhondo ya ku Mozambique m'ma 1980. Mu 1997 madzi anadula njanji cha ku Chiromo, Bangula nkutsala ndi zitsulo zopanda sitima, ofuna ya ku Limbe amayenera kuwoloka pabwato pa Mtayamoyo kukaikwerera ku Makhanga. Madzi a 2015 anamalizitsanso imeneyo. Mwana wobadwira ku Bangula mu 2000 wakula mpaka kukwatira asanaonepo sitima ikudutsa kwawo, tangoganizani. Ntchito yokonza ya Marka-Bangula ija tikuimva, tiona. Ndiye ine ndikapotoza kabatani, kamutu nkuyamba kusuntha pang'onopang'ono, mabogi nkumakokana limodzilimodzi kumbuyo, wina nkumati chidole, ndimangomuyang'ana basi.

Koma musaganize kuti ndikuikira kumbuyo aliyense amene amagula tinthuti. Pali gulu lina lomwe limandinyansa kuposa otisekawo, ogula nkusunga m'bokosi. Amajambula bokosilo, amaika pagulupu, aliyense "eee bwana mwatha", kamutuko sikanapondepo njanji. Chinthu chili ndi mota, magiya, mawilo, anachipanga kuti chiziyenda, ndipo chikakhalitsa girizi wake amauma nkugwira magiya, tsiku lomwe mudzafune kuonetsa alendo chidzangong'ung'udza osasuntha. Pali enanso, makamaka m'magulupu akunja, amene amanyoza ife ogula zopangidwa kale akuti weniweni amadzipangira yekha ndi timazitsulo. Apange, ali ndi shopu pakona. Ife ngakhale kasikuluwu kakatayika pansi timasesa nyumba yonse chifukwa kwina kokatenga kulibe.

Chinanso choti mudziwiretu, sitima yakwathu yeniyeni musaiyembekezere m'bokosi. Njanji yathu ndi ya mamilimita 1067, yopapatiza kuposa ya ku Ulaya ya 1435, ndiye pa sikelo ya HO, yomwe ndi 1:87, kutanthauza kuti zonse nzochepa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni, imayenera kukhala ya mamilimita 12 basi. Koma tinjanji ta HO tomwe tili ponseponse ndi ta 16.5. A Lima, kampani ya ku Italy ija, anapanga masitima ambiri openta za South African Railways nkuwakhazika pa 16.5 pomwepo, ndipo ana a ku Joni anakulira zimenezo osadandaula. Mitu ya dizilo ya MX615 yochokera ku Montreal ku Canada, yomwe imakoka masitima a Malawi Railways, mukaifuna ndiye mugule kadizilo kofananako nkupenta nokha. Akatswiri azidzakuwerengerani mawindo kuti sakukwana, asiyeni.

Kanga koyamba kanali ka Lima komweko, msuweni wanga anakapeza pamsika wa zakale ku Joni. Kamalira ngati chigayo cha dizilo, sikadziwa kuyenda pang'onopang'ono, kamangodumpha nkuthamanga, koma mpaka lero kakuyenda. Mukakatsegula mkati mulibe zambiri, mota imodzi yophwatalala, timabulashi tiwiri, magiya oonekera, munthu wokonza mawailesi pa Ngabu atha kukamvetsa. Lima inagwa, mayina ake anagulidwa ndi Hornby, kampani ya ku Britain, mu 2004, koma zakalezo zidakali mbwee ku South Africa. Zatsopano za Hornby kapena Bachmann nzokongola zedi, zimayenda mwakachetechete, koma zikuluzikulu zambiri zimapitirira mapaundi 150 musanaikepo zotumizira ndi msonkho, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ine ndimangoziona pafoni. Zilinso ndi timapaipi ndi timakwerero ta pulasitiki tomwe timathothoka mukangogwira molakwika.

Ndipo apa ndi pomwe mabuku ndi mavidiyo akunja amatisiya panjira, chifukwa iwo mdani wawo ndi kuzizira, ife wathu ndi dzuwa. Okutobala wakuno mukumudziwa, madigiri 40 ndi kupitirira, m'nyumba ya malata yopanda siling'i ndiye musanene. Chitsulo chikatentha chimatalika. Mukakhomera tinjanji mothinana m'mwezi wa Juni, pofika Okutobala mupeza tapindika pakona, sitima ikungogwa pamalo amodzimodzi inu nkumaida. Polumikiza siyani kampata koti mulowe kakhadi ka mayunitsi. Mitu ina ili ndi timphira pamawilo tothandiza kukoka, kutentha kumatitambasula nkuvuka. Pawindo pofika dzuwa musaikepo chilichonse, pulasitiki imapindika ndipo sibwereranso. Kasiponji ka m'mabokosi akale kamafumbutuka nkumatirira papenti, kachotseni mukulunge ndi kansalu kofewa. Thabwa la pulayiwudi lokhomerapo tinjanji likagunda khoma kapena pansi chiswe chilipeza, miyendo ya thebulo ikhale yachitsulo ngati mungathe. Za madzi sindinena zambiri, anthu anataya zazikulu ndi Freddy mu Malichi 2023, koma ine mvula ikayamba mitu yonse imalowa mundowa yotsekera nkukwera pamwamba pa wadirobu.

Fumbi ndiye matenda a tsiku ndi tsiku. Magetsi amayenda munjanji nkulowa kudzera m'mawilo, ndiye kakuda pang'ono pokha sitima imayamba kudodoma, nyali ikuphethira. Anthu ambiri apa amathamangira kuthira oilo, nkuonjezera vuto. Tengani kansalu koyera kopanda ubweya, kanyowetseni ndi sipiriti, pukutani pamwamba pa njanji muone mizere iwiri yakuda yomwe itsale pansaluyo. Mawilo chimodzimodzi, ndi kathonje kapakamtengo kaja. Sandipepa ayi, amakanda njanji ndipo litsiro limakhazikika m'mikwingwirimamo. Oilo ndi kadontho ka pansonga ya singano, pamagiya ndi pomwe ekiselo imazungulira, ndipo akhale wopepuka wosadya pulasitiki. Mafuta ophikira, girizi wanjinga, oilo wagalimoto, zonsezo zisayandikire. Mukamaliza kuyendetsa fundikani thebulo lonse ndi chitenje chakale.

Tinjanji tomwe, samalani. Takale tambiri ndi tachitsulo wamba, mvula ikangoyamba dzimbiri lagwira. Funani ta nickel silver. Poyesa tengani maginito a sipika yakufa, akamata ndi chitsulo, akapanda kumata ndi tabwinoto.

Za magetsi ozimazima musade nazo nkhawa kwambiri. Masitima wamba a HO ndi OO, sikelo ina yofananako, amayenda ndi DC, magetsi a mtundu wa batire, yosapitirira mavoti 12, ndipo kamutu kamodzi kawirikawiri sikadya ngakhale ampu imodzi. Batire ya sola yomwe mumaonera TV ikwanira, mungopeza kabokosi kochepetsera liwiro la mota ndi siwichi yotembenuza mawaya kuti izibwerera m'mbuyo. Koma fyuzi ya ampu imodzi kapena awiri ikhalepo, chonde, chifukwa batire siidziwa kudzizimitsa, sitima ikagwa nkugunditsa njanji ziwiri mawaya amatentha mpaka kusungunuka. Thiransifoma yochokera ku America ndi ya mavoti 110, mukaibaya pakhoma lathu la 230 mununkhiza utsi.

Nanga Märklin ija?

Musagule, ngati ndi yoyamba. Osati poti ndi yoipa, Ajeremani aja amapanga zolimba zoti mdzukulu adzazipeza. Vuto ndi lakuti Märklin ya HO ili ndi dziko lakelake. Imayenda ndi AC, mtundu wina wa magetsi wosiyana ndi DC ija, ndipo magetsi imatengera pa timinga tachitsulo tomwe tili pakati pa njanji, kudzera pa kachitsulo kotsetsereka kamene kali kumimba kwake. Auzeni ogulitsawo aitembenuze aijambule kunsi, mukaona kachitsulo kataliko ndi imeneyo. Mukaiika panjanji wamba za Hornby, Lima kapena Peco siyenda, ingopanga shoti chifukwa mawilo ake a mbali ziwiri ndi olumikizana. Ndiye kuti njanji, thiransifoma ndi china chilichonse muzidzasaka cha Märklin chokha, muli ku Nchalo. Pokhapokha ngati akugulitsa seti yonse pamodzi ndipo mwaiona ikuyenda, apo tingakambirane.

Alamuwo akusakireni kadizilo ka DC ka njanji ziwiri, HO kapena OO. OO ndi ya ku Britain, 1:76, yokulirapo pang'ono, koma zonse zimayenda pa 16.5, chosiyana ndi tokolekera mabogi ndiye mutu ndi mabogi zikhale za mtundu umodzi. Dizilo osati ya nthunzi, ya nthunzi ili ndi timikono tambiri m'mbali topindika msanga. Sikelo ya N, ya tinjanji ta mamilimita 9, imasunga malo koma ndi fumbi lathuli mulira nayo. Pabokosi pakalembedwa DCC Ready ndiye kuti iyenda pa DC bwinobwino, za DCC zenizenizo, zoyendetsa sitima ndi kachipu ka dijito, mudzaziona m'tsogolo. Njanji zikhale code 100, za zitsulo zazitaliko m'mwamba, chifukwa mawilo a Lima ali ndi milomo yaitali, makona akhale olembedwa second radius, mamilimita 438, omwe amakwana papulayiwudi ya 8 kwa 4. Ogulitsa atumize vidiyo ikuyenda kutsogolo ndi kumbuyo, pang'onopang'ono osati mothamanga, ndipo mumvetsere ngati ikugogoda pakuzungulira kulikonse, kumeneko ndi giya losweka. Ikakhala yatsopano iyendetseni yokha yopanda mabogi theka la ola mbali iliyonse.

Mayi akunyumbawo auzeni mtengo weniweni musanatumize ndalama, fizi ndi chimanga zikhale zitalowa kale, chifukwa akadzaumvera kwa alamu ndiye nkhani siikhalanso ya zidole. Ndipo alamuwo aiike m'chikwama chapamanja, isalowe mutelela ya basi pamodzi ndi mafiriji ndi matumba a anthu.