Mayi a ku Bangula, chingwecho musagule kaye

Mayi, funso lanu ndinaliona m'mawa, koma pabenchi panga panali anthu odikira mafoni awo, ndiye ndinati ndiyankhe madzulo kukazizira. Kwa amene simunaliwerenge: mayiwa mwana wawo wawagulira TV ya mainchesi 43 ku Limbe, pakatoni palembedwa kuti smart. Loweruka likubwerali kukubwera abale ochokera kutsidya, ku Makhanga ndi ku Muona, amene sanakhale nawo pa ukwati wa mwana wamkazi wa mayiwa, ndipo vidiyo ya ukwatiwo ili m'foni ya Tecno. Pakhomo palibe Wi-Fi. Mnyamata wina pamsika wawauza kuti agule chingwe cholumikiza foni ku TV, ndiye akufunsa ngati agule.

Musagule. Ine changa chilipo mpaka lero m'katoni ya zinyalala zamafoni kuno ku Ngabu, sichinagwirepo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Ndinakwera nacho minibasi kuchokera ku Limbe ndili wosangalala, kufika kunyumba kulowetsa, TV ingoti No Signal, foni n'kumangotchaja basi. Chingwecho sichinali chakufa ayi, vuto linali foni. Chingwe chokhala ndi USB-C (yolowa pa kabowo kotchajira foni) mbali ina ndi HDMI (yolowa pa TV) mbali inayo chimafuna foni imene kabowo kake kotchajira kamathanso kutulutsa chithunzi. Mafoni otero ndi ochepa: ma Samsung a mtundu wa Galaxy S, iPhone 15, ndi ena okwera mtengo. Ma Tecno, itel ndi Infinix ambiri amene tili nawo kuno, ngakhalenso ma Samsung ambiri a mtundu wa A, kabowoko kamangolandira moto ndi kusamutsa mafayilo. Wogulitsa sakuuzani zimenezi, mwinanso iye mwini sakuzidziwa. Ndipo mukabwerera nacho adzati mwachiwononga ndinu.

Chimene muyenera kuyesa usiku uno, osatulutsa ndi kwacha imodzi yomwe, ndi ichi. TV zambiri za smart zimatha kulankhulana ndi foni pazokha, popanda intaneti, popanda bandulo. Njira yake imatchedwa Miracast, ndipo si yatsopano, inayamba mu 2012. Foni ndi TV zimapanga Wi-Fi yawoyawo pakati pawo, ngati anthu awiri oyankhulana pawindo osadutsira kwa amfumu. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti kampani iliyonse inaipatsa dzina lakelake. Pa TV ya LG mupeza Screen Share, pa Hisense ena alemba Anyview Cast, pa Samsung ndi Screen Mirroring kapena imangodikira yokha osafuna kuti mutsegule kanthu. TV zina zopanda dzina lodziwika zimangoika chizindikiro cholembedwa Miracast pakati pa ma app. Tengani rimoti, dinani batani la Source kapena Input, muyang'ane mawu amodzi mwa amenewa, mutsegule, muisiye pomwepo ikudikira.

Kenako foni. Yatsani Wi-Fi, koma musailumikize kulikonse, ingoyatsani. Hotspot ikhale yozima, chifukwa mafoni ambiri sangathe ziwirizi nthawi imodzi. Kokerani chala kuchokera pamwamba pa sikirini kutsika, pamene pamakhala tochi ndi Bluetooth paja, mufufuze Cast kapena Screen Cast. A Samsung kwanu ndi Smart View. Mukapanda kuona, lowani mu Settings mulembe cast pofufuzira. Apa ndi pamene ambiri amagwera ulesi: foni imati palibe chimene yapeza, munthu n'kutseka. Yang'anani pakona yakumanja pamwamba, ngati pali timadontho titatu dinani, muchonge pa Enable wireless display. Dikirani pang'ono, kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzina la TV likatuluka, dinani. TV ina imafunsa ngati mukuvomera, muvomere ndi rimoti. Mukatero zonse za pafoni ziyamba kuoneka pa TV. Foni muigoneke chopingasa kuti chithunzi chidzaze sikirini yonse, apo ayi abale adzaona mkwatibwi ali kakang'ono pakati, mbali zonse mdima.

Kuti mtima ukhale pansi pa za bandulo, zimitsani data musanayambe. Vidiyo ili kale m'foni, ndiye ionekabe.

Pali TV za mtundu wina zimene njira iyi imakanika kapena imavuta. Ngati mukaiyatsa ikulemba Android TV kapena Google TV, monga zimachitira za Sony ndi za TCL zambiri, imeneyo imadalira njira ya Google yotchedwa Google Cast kapena Chromecast, ndipo imafuna kuti foni ndi TV zikhale pa Wi-Fi imodzi. Poti Wi-Fi mulibe, bwerekani foni yachiwiri, ya mdzukulu kapena ya bambo, muyatse hotspot, ndipo TV ndi Tecno yanu zonse zilowe pa hotspot imeneyo. Zimatheka ndithu. Koma chenjerani, TV yatsopano ikangonunkhiza intaneti imayamba kudzikonza yokha, kukoka ma update, ndipo bandulo ya sabata yathunthu itha kutha inu mukadali kufufuza rimoti. Lowani mu Settings ya TV muzimitse zodzikonza zokhazo musanailumikize. Chimodzimodzi mukatumiza YouTube ku TV: si foni imene imakoka vidiyoyo, ndi TV, ndipo iyo imakonda kusankha chithunzi chowala kwambiri, chodya data mosaumira.

Tsopano ndinene maganizo anga enieni, chifukwa zonse ndafotokozazi ndi zabwino kuzidziwa, koma pa Loweruka ine sindingadalire zimenezo. Vidiyo ya ukwati imatalika. Kuchokera kutchalitchi, kujambulitsa, perekaniperekani, mpaka kudula keke, maola awiri kapena atatu amakwana. Foni ikamatumiza chithunzi ku TV sikirini yake imakhala yoyaka nthawi yonse, Wi-Fi ikugwira ntchito, batire likutsika, inu n'kuilowetsa pa tchaja, kutentha n'kuwirikiza. Ku Blantyre kapena ku Thyolo mwina zingapirire. Kuno kuchigwa, mwezi wa October kapena November masana, madigiri atadutsa 40, m'nyumba ya malata yodzaza anthu, foni imayamba kuotcha m'manja, chithunzi n'kumadukaduka, mawu n'kumatsalira m'mbuyo, mkwati akuvina nyimbo imene inatha kale. Ina imadzitseka yokha n'kulemba kuti yatentha. Komanso wina akangoimba foni, vidiyo imaima, nyumba yonse n'kuona dzina la woimbayo pa mainchesi 43.

Izi za kuona dzina sindikunena zongomva. Chaka chatha ndinkaonetsa apongozi anga zithunzi za chinkhoswe cha mlamu wanga, foni nditailumikiza bwinobwino, ine ndikudzimva ukatswiri. Apongozi aakazi anali pamkeka kutsogolo, aamuna pampando wa ndalema, ana atadzaza pakhomo mpaka pawindo. Mwadzidzidzi pamwamba pa sikirini panatsika uthenga wa WhatsApp, zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha pamsewu: "Akulu, ngongole ija mwati liti? Mwezi watha uja munati mbuzi mukagulitsa." Apongozi aamuna anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga kalata kutchalitchi, kenako anafunsa kuti mbuzi yake ndi iti, poti mbuzi zimene zili m'khola mwanga ndi zawo. Kuyambira tsiku limenelo ndisanalumikize foni ndimayamba ndayatsa Do Not Disturb, data n'kuzimitsa. Nanunso teroni, Mayi, pagulu la abale pamakhala maso akuthwa.

Ndiye ndalama imene munakonzera chingwe ija mugule fulashi. Ya 16GB kapena 32GB ikwana. Kumbuyo kapena m'mbali mwa TV muli kabowo ka USB, mukalowetsa fulashi TV imafunsa yokha ngati mukufuna kuona mavidiyo, apo ayi mupeza pa Source pomwe paja. Palibe Wi-Fi, palibe foni yotentha, palibe woimba, ndipo rimoti imagwira ntchito yake yonse: kuimitsa pamene azakhali akufuna kuonetsetsa chitenje chimene anavala anzawo, kubwezera pamene ankhoswe anaterereka povina. Foni yanu imakhala m'manja mwanu, mukulandira alendo amene asochera pa siteji.

Kusamutsa vidiyo kuchoka m'foni kupita mu fulashi n'kosavuta. Pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa OTG, kotsika mtengo kwambiri, mbali ina kamalowa pa kabowo kotchajira, mbali ina mumalowetsa fulashi. Muonetsetse kuti mwagula kogwirizana ndi kabowo ka foni yanu, chifukwa ma Tecno akale ndi micro USB pamene atsopano ndi USB-C. Pa mafoni ena muyenera kuyatsa OTG mu Settings kaye. Ngati izi zikukuvutani, anyamata oika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori pamsika wa Bangula ali ndi makompyuta, ntchito ya mphindi zochepa. Koma chabwino koposa, funsani amene anajambula ukwatiwo akupatseni vidiyo yeniyeni pa fulashi. Ngati ya m'foni mwanuyo inabwera pa WhatsApp, inafinyidwa kuti ichepe, ndipo pafoni imaoneka bwino koma pa TV yaikulu nkhope zimasungunuka ngati sopo wagwera m'madzi.

Pa fulashi pali misampha iwiri. Woyamba, fulashi zambiri zimabwera zokonzedwa mwa mtundu wa FAT32, umene sulandira fayilo imodzi yoposa 4GB. Kompyuta imakana, kunena kuti fayilo yakula, chonsecho malo alipo ambiri. Wokuikiraniyo aisinthe ikhale NTFS kapena exFAT, kapena adule vidiyoyo zigawo ziwiri. Kudula ndiye kotetezeka, poti si TV zonse zimawerenga mitundu iwiri inayo. Wachiwiri, TV ina imaonetsa chithunzi koma mawu zii, kapena imati fayiloyo siikuidziwa. Muwauze aisandutse MP4, imeneyo pafupifupi TV iliyonse imailandira. N'chifukwa chake muyese Lachinayi kapena Lachisanu, vidiyo yonse, kudumphadumpha mpaka kumapeto, osati Loweruka anthu atawoloka kale Shire pa bwato, nsima ili pamoto.

Wina m'gulu muno watchula AnyCast, kachipangizo kooneka ngati fulashi yonenepa kolowetsa pa HDMI. Kameneko n'kothandiza kwa amene TV yawo si ya smart, kapena yolembedwa smart pakatoni pokha. Kamachita Miracast yomweyo, ndipo ena amalandiranso iPhone, imene payokha Miracast siidziwa, imafuna njira yakeyake yotchedwa AirPlay. Ine ndili nako ndipo ndimakagwiritsa ntchito, koma kuno kamavutika ndi kutentha kuposa foni. Kuseri kwa TV, pakati pa khoma ndi mpweya wotentha wotuluka mu TV, kamafika poti simungakagwire. Kanga ndinakatulutsa ndi kachingwe kowonjezera ka HDMI kuti kazilendewera pambali pomwe pamadutsa mphepo, ndipo moto ndimakapatsa kuchokera pa tchaja ya foni, osati pa USB ya TV imene nthawi zina moto wake umachepa n'kumakazimitsa pakati pa filimu. Inu Mayi musathamangire kugula, yambani mwaona ngati TV yanu ili nazo kale m'kati.

Aphunzitsi a ku Nchalo amene mwafunsa pansi pa funso la mayiwa za kulumikiza laputopu ku TV, kwa inu chingwe ndiye yankho, koma chingwe wamba cha HDMI mbali zonse ziwiri, chonga cha dikoda. Lowetsani, sankhani HDMI 1 kapena 2 pa rimoti, pa laputopu dinani batani la Windows pamodzi ndi P musankhe Duplicate. Mawu akapanda kutuluka pa TV, dinani kachizindikiro ka sipika pansi kumanja musankhe dzina la TV. Popanda chingwe, pa Windows 10 ndi 11 ndi batani la Windows pamodzi ndi K, koma m'kalasi ya ana ambiri ine ndingasankhe chingwe, sichidukiza phunziro. Ndipo amene mukufuna kuonetsa Netflix kapena app ya DStv kudzera pa foni, musadabwe mukaona sikirini yakuda mawu okha akumveka. TV sinawonongeke, ma app amenewo amatseka dala kuti chithunzi chawo chisakopedwe. Ngati TV ili ndi app yakeyake ya zimenezo, tsegulani ya pa TV pomwepo.

Chotsala ndi magetsi. TV yatsopanoyo musailowetse pakhoma mwachindunji, igulireni ka TV guard, chifukwa magetsi akazima n'kubwerera mwamphamvu ndi pamene ma TV ambiri amene amafika pabenchi panga amapsera. Ngati muli pa sola, batire likhale lodzaza pofika masana a Loweruka, ndipo ana asayambe ndi makatuni m'mawa.

Mukayesa usiku uno, jambulani zimene zikutuluka mukadina Source, ndi kapepala komata kuseri kwa TV kolembedwa dzina ndi nambala ya mtundu wake, muponye muno. Ndikaona ndikuuzani batani lenileni loti mudine. Lachinayi ndikhala ndikupita ku Nsanje kukatenga katundu, ndiye zikakanika ndithu ndidzatsika pa Bangula ndi OTG yanga m'thumba.