Kodi ndi chibwibwi kapena kuchedwa kuyankhula?

Funso: Mwana wanga wakwanitsa zaka 2 koma amangotchula mawu atatu okha, ndipo achibale akuti ali ndi chibwibwi chimene chidzatha chokha. Kodi mawu akuti "chibwibwi" akuyenera pamenepa? Komanso cholondola n'chiti, "kuyankhula" kapena "kulankhula"?

Yankho: Funso lachiwirilo ndi losavuta. "Kuyankhula" ndi "kulankhula" onse ndi olondola, ndipo chofunika n'chakuti mukasankha amodzi polemba musasinthesinthe.

Pa funso loyamba, achibale anu asokoneza zinthu zosiyana. Chibwibwi ndi vuto la munthu amene mawu ali nawo koma akukakamira potuluka, kotero kuti amabwereza phatikizo loyamba, monga "ndi-ndi-ndikufuna", kapena amaima kaye kukamwa kuli yasa. Kawirikawiri chimayamba mwana ali ndi zaka za pakati pa 2 ndi 5, nthawi imene akuphunzira kulumikiza mawu kukhala ziganizo, ndipo n'zoona kuti mwa ana ambiri chimatha chokha. Koma mwana amene ali ndi mawu atatu okha sanafike n'komwe pokhala ndi chiganizo choti apunthwepo. Za iyeyo timati "wachedwa kuyankhula". Palinso chachitatu, kusatchula bwino mawu, monga kunena "tumba" m'malo mwa "thumba" kapena "kuponya" pofuna kunena "kuphonya", chifukwa kampweya kamene timalemba ndi "h" sikanakhazikike pakamwa pake. Zimenezi n'zachibadwa pa msinkhu umenewu.

Ndikulimbikira pa kusiyanaku chifukwa dzina limene anthu apereka ku vuto limabwera ndi malangizo ake. Banja likagwirizana kuti ndi chibwibwi, aliyense amangodikira, ndipo miyezi imapita popanda wina kuganiza zoyezetsa makutu a mwanayo, chonsecho kusamva bwino, kuphatikizapo kumene kumatsatira matenda a m'khutu obwerezabwereza, ndi chimodzi mwa zifukwa zodziwika zochedwetsa kuyankhula. Ana ambiri amayamba kubwereza timaphatikizo ngati "ba-ba-ba" ali ndi miyezi pafupifupi 6, amatchula liwu loyamba akamakwanitsa chaka, ndipo pofika zaka 2 amalumikiza mawu awiri, monga "amayi bwera". Musadandaule kuti sanati "bwerani", ulemu wa m'chiyankhulo umabwera pambuyo.

Chiyankhulo mwana amachitola kwa anthu amene akucheza naye maso ndi maso. Mu 2003, Patricia Kuhl ndi anzake ku yunivesite ya Washington anapeza kuti makanda a miyezi 9 a ku America amene ankaseweretsedwa ndi anthu oyankhula Chitchaina anatha kusiyanitsa kamvekedwe ka chiyankhulocho, pamene amene anangoonera anthu omwewo pa kanema sanaphunzire kanthu. Nalo bungwe la World Health Organization mu 2019 linalangiza kuti ana osakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa kanema kapena foni, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi pa tsiku.

Mukapita kuchipatala musanene kuti "ali ndi chibwibwi". Nenani kuti "ali ndi zaka 2, amatchula mawu atatu okha, ndipo sanayambe kulumikiza mawu", kenako mufotokoze ngati amatembenuka mukamuitana muli kumbuyo kwake, ndi kupempha kuti amuyeze makutu.