Yankho kwa amalume pa nkhani ya maphunziro a patchuthi

Eee amalume, ndamva funso lanu lija, loti ine mwana wa mlimi, mphunzitsi wa zaulimi kusekondale, ndi dipuloma yanga kale, ndikukaphunziranso chiyani patchuthi pano m'malo mobwera kudzathandiza kukolola. Pepani ndayankha mochedwa, netiweki kuno imavuta.

Nkhani yake ndi iyi. Mukukumbukira 2017, mbozi za ntchemberezandonda zitavuta mpaka boma kulengeza kuti maboma 20 agwa m'tsoka? Chaka chimenecho mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera m'kalasi atanyamula phesi la chimanga, masamba onse ali mabowomabowo, kumtima kwake kuli ndowe ngati utuchi. Akuti, "Aphunzitsi, ichi n'chiyani?" Ine kakasi. M'manotsi anga munali kapuchi yekha. Ndinachita kupalasa njinga kukafunsa alangizi a zaulimi ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lathu, ndipo iwo ndi amene anandionetsa kuti mboziyo ili ndi chizindikiro ngati Y pamutu ndi timadontho tinayi kumchira. Mphindi khumi m'munda, ndinadziwa zomwe bukhu silikanandiuza.

Ndiye mukuona amalume, ulimi wake ukusintha pamene ife tili pa choko. Makolo a ana athuwa akupanga manyowa a Mbeya, kusakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono. Ena akuphimbira minda ndi mapesi, za mtayakhasu zija. Mwana akaona kuti amayi ake akudziwa kuposa aphunzitsi, basi, ulemu watha.

Chinanso ndi mapulakitiko a MSCE. Kuyeza pH ya dothi, kuti tidziwe kuchuluka kwa asidi m'dothimo, ndimaphunzitsa pojambula botolo pabolodi, chifukwa pasukulu pathu mankhwala ake kulibe, ndipo kunena zoona inenso ndinagwirako kamodzi kokha, kukoleji.

Za maalawansi mwanenazo, zoti anthu amangopitira ndalama kumaphunziro otere, hahaha, sindikana, ena amapitiradi zimenezo. Maphunziro okhala muholo tsiku lonse kumamvera munthu akuwerenga, ine ndatopa nawo. Ano ndavomera chifukwa ndi a m'munda: kumezanitsa mango, kutemera nkhuku ku chitopa, kuyeza mizere ya akalozera. Akanatipititsanso ngakhale sabata imodzi ku Chitedze, kumalo ofufuzira zaulimi, kapena kukoleji ya zaulimi ya Bunda, abale inu, bwenzi zili bwino.

Kukolola ndibwera ndithu, Loweruka la sabata yamawa. Auzeni azakhali asagulitse chimanga chisanaume, ndipo matumba a PICS aja, osungira chimanga popanda mankhwala, ndigula kuno.