Tifunseni: Mowa wa mu kegi ukutha gasi ndikathira m'mabotolo

Funso: Akonzi, ndimafulula mowa wa balere pakhomo pano ndipo ndimausunga mu kegi (mgolo wachitsulo wosungira mowa) ya malita 19 yolumikiza ku silinda ya gasi wa CO2. Ndikatunga pa mpopi umakhala ndi gasi wokwanira. Koma ndikathira m'mabotolo kuti ndiwatengere alamu anga ku Salima, theka la botolo limangokhala thovu, ndipo akakatsegula mawa lake samva ngakhale ka "tsii". Ndikulakwitsa pati?
Wowerenga wa ku Area 47

Yankho: Achimwene, thovu mukuliona pothira lija ndiye gasi wanuyo akuthawa inu mukuona. Chimamusunga gasi mu mowa ndi kuzizira komanso presha ya mu kegi. Botolo lofunda, louma, lakukamwa kwa pululu lilibe zonse ziwirizi.

Ntchitoyi iyambe kutatsala masiku atatu. Fuliji momwe muli kegi ikhale pa 3°C kapena kutsikirapo pang'ono. Mowa wa mtundu wa lager umafuna malita pafupifupi 2.5 a gasi osungunuka mu lita imodzi ya mowa, ndipo matebulo a pa intaneti amati pa 3°C zimenezi zimatheka presha ya gasi ikakhala pa 11 psi (psi ndi muyezo wa presha). Koma matebulowo amawerengera malo ofanana ndi gombe la nyanja yamchere. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, pomwe mpweya supanikiza kwambiri, choncho kuno onjezerani 2 psi ifike pa 13. Pa masiku atatu amenewa kwezaninso mpaka pa 15, chifukwa ngakhale mutasamala motani gasi pang'ono amathawabe pothira.

Mabotolo akhale a mowa, obweza aja a galasi lochindikala, opanda mng'alu kapena chibenthu kukamwa. Atsukeni, muwaviike mu mankhwala opha tizilombo monga Star San, 1.5 ml pa lita ya madzi, muwaike mu fuliji momwemo. Pothira akhale ozizira ndi onyowa mkati, poti galasi louma limadzutsa thovu. Musawaike mu freezer mpaka kuchita chipale: timibulu ta ayisi timadzutsa thovu kuposa galasi louma.

Chida chothirira si chodula. Mufunika mpopi wapulasitiki wa pamanja uja wotchedwa picnic tap, paipi yolimba ya 3/8 inchi yotalika masentimita 30 yomwe imalowa thithithi kukamwa kwa mpopiwo, ndi chitsekerero cha labala chobowola pakati, cha nambala 2, chomwe chimakwana kukamwa kwa botolo. Nsonga ya paipiyo muidule mopendekera kuti ikagunda pansi pa botolo isatsekeke. Paipi yofewa yochoka ku kegi ikhale yopanikiza, ya 3/16 inchi mkati, yotalika mamita awiri kapena atatu. Yaifupi imautulutsa mowa ngati wothamangitsidwa.

Tsiku lothira, tsekani gasi, mukoke kamphete ka pachivindikiro cha kegi presha yonse ituluke, kenaka muike regulator, chida cha pa silinda chochepetsera kapena kukwezera presha, pa 3 mpaka 5 psi n'kutsegulanso. Tungani kaye theka la kapu kuti paipi izizire. Lowetsani paipi mpaka pansi pa botolo, mukanikize chitsekerero cha labala chigwire, mutsegule mpopi wonse. Apa ndiye ambiri amaphonya: amatsegula pang'ono poganiza kuti akuchita mwaulemu, osadziwa kuti mowa ukamadutsa pa kampata kakang'ono umasanduka thovu lokhalokha.

Muona mowa ukukwera bwinobwino, kenaka n'kuima usanafike pakati. Musadabwe, presha ya mu botolo yafanana ndi ya mu kegi, ndipo n'zomwe tikufunazo. Ndi chala chachikulu, finyani labala m'mbali pang'ono chabe mpaka mumve kamluzu ka mpweya. Mowa uyambanso kukwera. Finyani, siyani, finyani, siyani, mpaka ufike kukamwa. Tsekani mpopi, muzule paipi pang'onopang'ono. Malo omwe paipi inatenga ndiwo atsale opanda kanthu pakhosi, masentimita atatu kapena kuposerapo pang'ono.

Musapume pamenepa. Ikani chitsekerero chachitsulo cha botolo, cha 26 mm, pamwamba, muchigwire ndi chala, mupendeketse botolo kamodzi n'kuliimikanso. Thovu likwera n'kuyamba kusefukira m'mbali mwa chitsekerero. Panani chitsekererocho ndi chida chopanira nthawi yomweyo, thovu likadali kutuluka. Thovulo limakankhira kunja mpweya wa okosijeni womwe umagugitsa mowa n'kuupatsa kafungo ka katoni yonyowa. N'chifukwa chake ntchitoyi imakoma pawiri, wina kuthira wina kupana, mabotolo ali mu beseni lolandira zotayika. Kuthira mabotolo khumi kenaka n'kumapana pambuyo ndi kungotaya gasi.

Kegi yodzaza iyenera kutulutsa mabotolo 57 a 330 ml, koma werengerani 50 ndi angapo. Ngati simunathire wonse, bwezani regulator pa 13 psi mukangomaliza, apo ayi wotsalawo nawo utha gasi. Ndipo alamuwo akalandira mabotolo atagwedezeka m'galimoto ulendo wonse wa ku Salima, awaziziritse usiku umodzi asanatsegule.

Funso: Kwathu kuno magetsi akazima m'mawa nthawi zina amayaka madzulo, ndipo kegi imafunda. Ndithire chomwecho, kapena ndigule chida chija amati counter-pressure filler?
Wowerenga wa ku Kawale

Yankho: Musathire. Mowa wofunda sugwira gasi, ndipo mu Okutobala kapena Novembala, kutentha kukafika pa 30°C, palibe chida chomwe chingakuthandizeni. Magetsi akayaka dikirani tsiku lathunthu kegi izizire mpaka pakati, gasi yemwe anakwera pamwamba abwerere mu mowa. Ngati mwapanikizika, imikani kegi mu chidebe chachikulu cha madzi ndi ayisi kwa maola angapo, muthire mbandakucha.

Counter-pressure filler imachita zomwe labala ndi chala zimachita, kungoti imayamba yadzaza botolo ndi CO2 mowa usanalowe. Phindu lake lenileni ndi kuchotsa okosijeni, kotero mowa umakhalitsa miyezi ingapo osaguga. Kwa munthu wothira mowa woti umwedwe pa chinkhoswe Loweruka likubwerali, ndalamayo ndi bwino kugulira zitsekerero zabwino.

Pali njira ina yomwe anthu amainyoza koma imagwira ntchito: mabotolo apulasitiki a zakumwa za gasi, monga a Coca-Cola kapena Fanta, ndi chitsekerero chotchedwa carbonation cap, chomwe chimalumikizika ku paipi ya gasi. Mukathira, finyani botolo mowa ufike kukamwa, mutseke ndi chitsekererocho, mulowetse gasi mpaka botolo liume gwa. Mabotolo a madzi akumwa ayi, ndi opyapyala. Pulasitiki imalola gasi kudutsa pang'onopang'ono, choncho mowa wotere umwedwe pasanathe masabata ochepa, ndipo usaone dzuwa.

Funso: Agogo anga ankati mowa umafuna shuga kuti ukhale ndi ukali. Kodi ndingaike supuni ya shuga m'botolo lililonse kuti gasi wothawayo abwerere? Nanga masese ndingawatsekere m'botolo mwa njira yomweyi?
Wowerenga wa ku Likuni

Yankho: Mayi, agogowo sananame, koma ankanena za mowa wina. Shuga amaikidwa mu mowa wopanda gasi, womwe wangomaliza kuwira: magalamu 6 kapena 7 pa lita, kutanthauza magalamu awiri okha pa botolo la 330 ml, n'kuusiya malo ofunda masabata awiri kuti yisiti apange gasi. Supuni yaing'ono ya tiyi yosadzaza mpaka mulu ili kale ndi magalamu anayi. Mukaika shuga mu mowa wa mu kegi womwe uli kale ndi gasi, poyamba usefukira pomwepo shugayo akangogwera, ndipo mukakwanitsa kutseka, yisiti wotsalamo awonjezera gasi pa gasi mpaka botolo kuphulika. Galasi lophulika ndi presha limalasa ngati mpaliro.

Ngozi yomweyi imabwera mukathira mowa womwe sunamalize kuwira. Usanalowe mu kegi muuyeze ndi hydrometer, kachida koonera shuga wotsala mu mowa, masiku atatu otsatizana. Nambala ikamatsikabe, mwachitsanzo kuchoka pa 1.014 kufika pa 1.012, dikirani.

Za masese, musayerekeze. Mowa wamasese umamwedwa ukadali kuwira, ndipo umapanga gasi osalekeza. Onani pamwamba pa paketi ya Chibuku: pali kabowo kotulukira mpweya. M'botolo la galasi lopana kabowo koteroko palibe. Masese akhale mu chipanda kapena m'chigubu chosamanga kwambiri kukamwa.