Ayuda, anthu akuda ndi nkhani ya nyumba ku America: yankho kwa amene munafunsa

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma ndinati ndiyankhe kukacha mutu uli bwino. Mwafunsa ngati n'zoona kuti Ayuda a ku America anali pambali pa anthu akuda pomenyera ufulu, popeza kwina mwamvanso kuti iwo omwewo ndiwo anali malandilodi owadyera masuku pamutu ku Chicago ndi ku New York. Awiri akuyankhani kale, wina akuti anali abale enieni, wina akuti anali akathyali. Aliyense wanena zoona, koma theka lokha.

Mbali yodziwika ndidutsapo mwachangu. Bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda, pobadwa mu 1909, Ayuda monga Henry Moskowitz analipo. Rabi Abraham Joshua Heschel anayenda pamzere wakutsogolo ndi Martin Luther King ku Selma mu 1965. Anyamata awiri achiyuda, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, anaphedwa limodzi ndi mnzawo wakuda James Chaney ku Mississippi mu June 1964 chifukwa cholimbikitsa akuda kulembetsa mavoti. Izi palibe angazitsutse. Koma taonani, zochitika za m'ma 1960 zimenezi zinali Kumwera, kutali ndi kumene Ayuda ambiri ankakhala. Ubale weniweni unayesedwa Kumpoto, pamsewu wa pakhomo, pa funso loti kodi nyumba yoyandikana ndi yako agule ndani.

Tsankho la malo okhala m'mizinda ya Kumpoto silinkayenda ndi zikwangwani. Mizinda ina inayesapo kuika lamulo loti dera ili la azungu, ili la akuda, koma khoti lalikulu la dzikolo linathetsa zimenezo mu 1917 pa mlandu wochokera ku Louisville. Eni nyumba anangosintha njira. Anayamba kulemba pangano m'mapepala a umwini wa nyumba, kuti nyumbayi isadzagulitsidwe kapena kuchititsidwa lendi kwa munthu wa mtundu wakutiwakuti, ndipo panganolo linkatsata nyumbayo ngakhale mwini asinthe. Pamene Kamuzu ankamaliza maphunziro pa University of Chicago mu 1931, mapangano otere anali akufalikira kale m'madera ozungulira sukuluyo. Kenaka boma linalowererapo. M'zaka za m'ma 1930 linajambula mapu a mizinda, madera n'kuwapaka mitundu: obiriwira abwino koposa, ofiira oopsa kuikamo ndalama. Dera lokhala akuda pafupifupi nthawi zonse linkatuluka lofiira. Bungwe la boma la FHA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1934 kuti liziimira kumbuyo ngongole za nyumba, silinkafuna kumva za madera otero, ndiye mabanki nawonso anatseka zikwama. Ndiyo redlining mumaimvayo. Ife odziwa mbiri ya kumayadi ndi Ndirande, kapena Group Areas ya ku Joni, sitingadabwe kwenikweni; kusiyana kwake n'koti uku ankagwiritsa cholembera cha loya ndi cha banki.

Tsono chimene ambiri sadziwa: mapangano ambiri aja ankatchulanso Ayuda. Ku Spring Valley mumzinda wa Washington, mapepala a nyumba ankaletsa akuda, Ayuda, anthu a ku Armenia, Persia ndi Syria. Ku Grosse Pointe, pafupi ndi Detroit, zinaululika mu 1960 kuti ogulitsa nyumba ankatuma wofufuza wachinsinsi kukaona munthu wofuna kugula. Ankalemba pafomu kuti khungu lake n'loderako bwanji, amalankhula Chingerezi chomveka chachilendo kapena ayi, amavala motani, anzake ndi otani, kenaka n'kumupatsa malikisi ngati mayeso. Mzungu wamba ankakhoza ndi 50. Myuda ankafunika 85. Wakuda sankamulemba n'komwe fomuyo. Musaiwale manambala amenewa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo: Myuda anamukwezera mpanda, wakuda anamumangira khoma.

Ndiye mabungwe achiyuda polimbana ndi mapangano aja sankangochitira chifundo anzawo. Ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipotu kwa iwo chinali chafika kale. Ine sindiona cholakwika pamenepa. Mgwirizano wolimba umakhala wa anthu amene chimodzi chikuwaluma onse. Banja lakuda la J.D. ndi Ethel Shelley litagula nyumba ku St. Louis mu 1945, anansi anakasuma potengera pangano la mu 1911. Mlanduwo unafika kukhoti lalikulu, ndipo mabungwe achiyuda a American Jewish Congress, American Jewish Committee ndi Anti-Defamation League anapereka zikalata zoikira kumbuyo banjalo. Chigamulo cha mu 1948 chinati makhoti sangakakamizenso mapangano otere. Majaji atatu mwa asanu ndi anayi anadzipatula pamlanduwu. Pali kanthu kena kamene kamandiseketsa mowawa: chikalata cha boma chothandiza a Shelley chinalembedwa ndi maloya anayi achiyuda, koma maina awo anawachotsapo poopa kuti anthu anganene kuti maganizo a boma alembedwa ndi gulu la Ayuda.

Khomo litatseguka pang'ono, olowa sanafanane. Myuda, pokhala wa khungu loyera, ankatha kupeza ngongole yotsika mtengo ya FHA kapena ya asilikali obwera kunkhondo, n'kusamukira kumidzi yatsopano kunja kwa mzinda. Wakuda anatsala. Ndipo amene anamanga mudzi wotchuka koposa wa mtunduwu, William Levitt, anali Myuda. Pakati pa 1947 ndi 1951 anamanga nyumba zoposa 17,000 ku Levittown, pa Long Island, mapepala ake n'kumanena poyera kuti okhalamo akhale azungu okha, kupatula antchito a m'nyumba. Podziteteza ankati iye monga Myuda alibe tsankho mumtima, koma akagulitsa nyumba imodzi kwa wakuda azungu ambiri sagulanso. Kuti angathe kuthetsa vuto la nyumba kapena la tsankho, osati onse awiri pamodzi. Mawu a wamalonda amenewo.

Koma pitani ku Levittown yachiwiri, ya ku Pennsylvania, mu August 1957. William Myers, msilikali wakale, ndi mkazi wake Daisy anagula nyumba kumeneko kwa mwini wake mwachindunji, n'kukhala banja loyamba lakuda m'mudzimo. Amene anawathandiza anali anansi awo a khomo loyandikana, Lew ndi Bea Wechsler, Ayuda. Madzulo aliwonse chikhamu cha anthu mazanamazana chinkaunjikana pamsewu, kukuwa, kugenda mpaka kuswa zenera. Ena anatenga nyumba yopanda anthu chapafupi, n'kukwezapo mbendera ya asilikali a Kumwera omenyera ukapolo, n'kumaliza nyimbo mokweza usana ndi usiku kuti banjalo lisagone. A Wechsler anawaotchera mtanda pabwalo, khoma la nyumba yawo n'kulilemba KKK, dzina la gulu la azungu lozunza akuda. Sanabwerere m'mbuyo, ndipo a Myers anakhala m'nyumbamo mpaka 1961. Womanga khoma Myuda, woliboola Myuda, mudzi umodzi. Ndiye mukamati “Ayuda anatani”, mukunena uti?

Panalinso Morris Milgram, mwana wa Ayuda ochokera ku Russia, amene anati ayese kumanga midzi yosakanikirana dala. Concord Park, pafupi ndi Philadelphia, inatheka mu 1954, ngakhale anachita kuika malire a chiwerengero cha akuda kuti azungu asathawe, chinthu chimene chinamuwawa yekha. Atayesa ku Deerfield, kunja kwa Chicago, mu 1959, akuluakulu a derali analanda malowo ati akufuna kuikapo mapaki.

Za malandilodi mwafunsazo, tiyeni ku North Lawndale ku Chicago. Nkhondo yachiwiri isanathe, limeneli linali dera lalikulu la Ayuda mumzindawo. Pofika 1960 okhalamo ambiri anali akuda. Popeza banki sinkakongoza wakuda, panabuka akatapila a nyumba. Ankayamba n'kuopseza azungu kuti akuda akubwera, gulitsani msanga mtengo usanagwe. Akagula motchipa, ankagulitsa kwa wakuda pa kontirakiti: upereke dipoziti, uzilipira mwezi ndi mwezi, zokonza nyumba zonse zako, koma mapepala a umwini akhala kwa wogulitsa mpaka udzamalize. Ukaphonya mwezi umodzi, katundu panja, zonse unaperekazo zapita, ndipo nyumba yomweyo aigulitsanso kwa wina. Clyde Ross, wochokera ku Mississippi, anagula yake mu 1961 pa madola 27,500, pamene wogulitsayo anali ataigula pa 12,000 miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Kuti asaphonye, bamboyo ankagwira ntchito zingapo, ana osamuona. Ambiri mwa ogulitsa otchuka a ku Lawndale anali Ayuda. Palibe chifukwa chobisira. Koma kumbukirani kuti malonda amenewa anakula chifukwa boma ndi mabanki, omwe nthawi imeneyo Ayuda analibemo mphamvu kwenikweni, anali atatseka khomo lina lililonse.

Amene anayamba kuwaulula akatapilawa m'ma 1950 anali loya wachiyuda, Mark Satter, yemwenso anali ndi nyumba za lendi m'dera lomwelo. Ogula atapanga bungwe lawo la Contract Buyers League mu 1968 n'kuyamba kukana kulipira, Rabi Robert Marx ndi bungwe lake la Jewish Council on Urban Affairs anaima nawo, pamodzi ndi Akatolika a chipani cha Yesu. Marx anakangana ndi anthu akwawo omwe, amene ankati nkhani zotere sizitulutsidwa kunja chifukwa zipatsa adani a Ayuda chonena. Iye ankati vuto n'loti Myuda waikidwa pakati, ali ndi sitolo kapena nyumba ya lendi m'dera la osauka, ndiye nkhope imene wosauka amaiona ndi yake, osati ya mwini banki. Mabanja mazana angapo anasinthitsa makontirakiti awo, koma milandu ikuluikulu ya kukhoti anagonja.

King mwiniwake anasamukira m'kanyumba ka lendi ku North Lawndale mu January 1966. Pa 5 August chaka chomwecho, akuyenda ku Marquette Park kufuna kuti wakuda azigula nyumba paliponse, anamugenda mwala kumutu, m'chikhamu chotukwanacho muli zikwangwani za chizindikiro cha Nazi. Ayuda ngati Marx, amene ankayenda nawo m'zionetsero za chilimwe chimenecho, sanafunike wowamasulira. Lamulo loletsa tsankho pogulitsa nyumba linasainidwa pa 11 April 1968, patangotha sabata King ataphedwa. Komabe mu 1971 ku Forest Hills, New York, dera la Ayuda apakatikati, anthu anatuluka mumsewu kukana nyumba za boma za anthu osauka, mpaka loya wina, Mario Cuomo, anachita kuyanjanitsa pochepetsa kukula kwa nyumbazo ndi theka. Kwa ine apa ndi pamene pamaonekera kuti kupereka ndalama za ku Selma kunali kopepuka kusiyana ndi kulandira mnansi.

Wina wanena m'munsimu kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Pankhani iyi mwambiwo sukugwira, achimwene, ndipo makanema ambiri ozungulira pa WhatsApp amatola Levitt ndi akatapila a Lawndale n'kusiya Wechsler, Satter ndi Marx, chifukwa cholinga chawo n'china.

Mukadzapezeka ku Chicago, mudzayende mumsewu wa Douglas Boulevard. Pali tchalitchi cha Stone Temple Baptist. Chinamangidwa m'ma 1920 ngati sunagoge wa Ayuda ochokera ku Romania, ndipo mu 1954 anachigulitsa kwa mpingo wa akuda. King analalikirapo m'menemo. Nyenyezi za Davide, chizindikiro cha Ayuda, zikadaonekabe pa nyumbayo.